Kudongo Kunalibe Wolira

Munda wa a Gwaza unayamba kutha iwo akuonerera. Unali m'malere, pakati pa bwalo la sukulu ya Nkhathwe, ukuyandama ngati utsi: mizere ya mbatata ya kachewere, mtengo wa mapeyala wa m'malire, ngakhale ndowa yobooka imene anaiwala pachulu. Kenaka magalasi akuda anayamba kutsika limodzilimodzi n'kumavindikira mizereyo, mpaka munda wonse unasanduka denga lonyezimira.

"Mayo ine! Munda wa amayi anga!" anakuwa a Gwaza, misozi ili mbwembwembwe, mamina osapukuta. Bambo wamkulu ndithu, wa ndevu zake.

"Zikomo, bambo," anatero makina oonetsa chithunzicho ndi mawu ofatsa ngati a namwino. "Ululu wanu ndaupima. Wotsatira abwere."

Nangondo, amene anakhala pachitenje kumbali ya amayi, anatsonya chapansipansi. Munda wa amayi awo uti? Mundawo anagula dzana lomweli kwa anthu osamuka. Koma misozi yokhayo inali yeniyeni, pakuti a Gwaza ankalira ngakhale timu yawo ya mpira ikagonja.

Makinawo ankatchedwa Mpimamtima. Anali ndi msinkhu wa mbuzi yaikulu, miyendo itatu, ndi diso limodzi lotulutsa zithunzi za m'malere. Pamsana pake panali galasi loikapo chikhatho. Munthu akaika dzanja pamenepo, Mpimamtima ankamuonetsa malo amene amawadziwa, kenaka n'kumuonetsa mmene malowo adzakhalire ntchito ikachitika. Munthuyo ali mkati moona, makinawo ankamvetsera kugunda kwa mtima wake, kapumidwe, thukuta la m'manja ndi madzi a m'maso. Zonsezo ankaziphatikiza n'kuzitcha kulemera kwa ululu.

Chaka chimenecho, cha 2071, chigwa cha Nkhathwe chinali chimodzi mwa zigawo zotsalira kumene magetsi ankangosuzumira ngati munthu wodzazonda odwala. Mitengo ya m'mapiri inatha kalekale ndi makala, malasha analetsedwa dziko lonse, ndipo boma linati chigwacho chizipanga magetsi akeake. Njira zinalipo zitatu. Amene anabwera ndi Mpimamtima kudzasankhapo imodzi anali injiniya Thawale, munthu woonda, waulemu, wovala nsapato zosadziwa matope.

M'mawa umenewo, kupima kusanayambe, a Thawale anali atafotokozera bwalo lonse.

"Makolo anga, sikelo yathu ili ndi mbale zitatu. Yoyamba ndi ya ndalama. Magalasi a dzuwa ndi otsika mtengo pogula, koma dzuwa likalowa nawonso amagona. Ndiye pamafunika mabatire aakulu ngati nyumba, ndipo akakalamba timagulanso ena. Nsanja za mphepo, zamapiko atatu zija, n'zodula, ndipo m'dzinja mphepo imatithawa. Damu limadya ndalama zambiri pomanga, koma likaima laima. Zidzukulutudzi zanu zidzalipeza."

"Nanga yachiwiri?" anafunsa wina kumbuyo.

"Yachiwiri ndi ya chilengedwe. Mabatire akufa ali ndi chiphe, ndipo kotaya kwabwino sitinakupeze. Mapiko a mphepo amapha akakowa ndi mileme. Damu limamiza mitengo ya m'khwawa ndi kutsekereza nsomba zokwera kukaswana. Mbale ziwirizi tinapima kale kulikulu, ndipo palibe njira imene yapambana. Imene yapepuka uku yalemera uko. Ndiye mlandu udulidwa ndi mbale yachitatu, ya anthu. Magalasi akufuna minda yanu ya pachidikha. Nsanja zikufuna phiri la Chiphwanya. Damu likufuna khwawa la kumunsi. Pamene papweteke pang'ono, timanga pomwepo."

A Chisale, amuna ake a Nangondo, anakweza dzanja. "Bwana, bwanji osangotifunsa? Pakamwa tili napo."

"Tinkafunsa kale, bambo. Koma anthu akangomva kuti kuli chipukutamisozi, manda ankamera ngati bowa, mitanda yake penti asanaume." Bwalo linaseka, pakuti ena mwa osekawo anali ataikako mtanda umodzi kapena iwiri nthawi yomanga msewu. "N'chifukwa chake tinasiya kulemba mawu. Tsopano timafunsa thupi."

"Nanga adziwa bwanji chimene munthu akulirira?" Amenewo anali a Nachisale, alongo awo aakulu a a Chisale, mayi wa mawu okuluwika amene achinyamata ankamupatuka panjira.

"Safunika kudziwa, mayi. Amakuonetsani chinthu, thupi lanu n'kuyankha. Chimene wakuonetsanicho ndiye funsolo."

Tsono amuna a minda analira tsiku limenelo mpaka mbale ya magalasi inagunda pansi. M'mawa mwake linali la phiri. Ha! Pamenepo ndiye munthu akanaona. Pa Chiphwanya m'pamene a mpingo wa mtumwi Fatsileni ankakwera kukapemphera, anthu oti kulira ndi ntchito yawo ya Lachisanu lililonse. Atangoona mapiko akuzungulira pamwamba pa thanthwe lawo, ena anagwa chagada, ena anayamba malilime, ndipo Mpimamtima anangoti zikomo, zikomo, mpaka dzuwa linapendeka. Linatsala khwawa.

Khwawalo linali kumunsi kwa mudzi, pamene mtsinje wa Nkhathwe umapanikizika pakati pa matanthwe. Kunalibe munda, kunalibe nyumba. Amuna ankangodziwa kuti kumeneko, pansi pa mitengo ya katope, n'kumene akazi amakumba dongo loumbira miphika, ndipo malowo ankatchedwa Kudongo. Dongolo linalikodi. Koma abale, m'chaka cha 2071 ndani ankaumbabe miphika? Palibe mwamuna ndi mmodzi yemwe amene anadzifunsapo chifukwa chimene kanjira ka Kudongo sikankamera udzu.

Kudongo n'kumene kunkagona nthayo, ana obadwa atafa kale ndi amene apuma pang'ono n'kubwerera asanatuluke m'chikuta. Mwambo wake ndi wouma. Amapita akazi okhaokha. Palibe bokosi, palibe nyimbo, palibe dzina. Dzenje limakumbidwa losaya, lolekeza m'chigongono, kuti mimba ya mayiyo isakwiriridwe pakuya, ndipo pamwamba amasiyapo phale. Chachikulu pa zonse, salira. Amati wolira nthayo amaitana imfayo kuti ibwererenso m'mimba ya m'nyumbamo.

Nangondo anali nawo atatu kumeneko. Wachiwiri anabadwa wamoyo, masiku asanakwane, pachipatala chaching'ono cha pa Nkhathwe pomwepo. Anamuika m'kabokosi kofunditsa makanda, ndipo ankapuma bwinobwino mpaka magetsi anathima. Ndiye wina asaganize kuti Nangondo ankadana ndi magetsi, ayi. M'chigwa monsemo munalibe munthu amene ankawafuna kuposa iye. Mwana wake wotsala anali mmodzi yekha, Mwandida. Nayenso Mwandida anali atasiyako wake Kudongo chaka chathachi, ndipo tsopano mimba ina inali itayamba kuoneka.

Madzulo a tsiku la phiri, a Nachisale anampeza Nangondo akuanula zovala kuseri kwa nyumba. Sanapereke ndi moni womwe.

"Mlamu, maso ako ndawaona kubwalo kuja. Mawa ndi la khwawa. Usakatichititse manyazi."

"Alamu, akamiza Kudongo ndiye tizipita kuti?"

"Kudongo kuli dongo."

"Inu nomwe munawanyamula atatu onse m'manja mwanumo. Lero mukuti kuli dongo?"

A Nachisale anayang'ana kukhonde, kumene Mwandida anakhala akusankha nyemba m'lichero, ndipo anatsitsa mawu. "Anga alikonso awiri, ukudziwa. Ukuyesa ndilibe mtima ine? Koma taona mimba iyo. Ukakalira mawa pamaso pa amuna, kenaka chinthu n'kuchitika, udzamuyang'ana bwanji mwanayu?"

"Ndiye tingokhala duu atimizire ana?"

"Amene ali pansi ali pansi, mlamu. Ine ndikusamala amene akubwera."

A Nachisale asanachoke n'komwe, a Chisale analowa pabwalo akuimba likhweru. "Amake Mwandida, nkhani yatha iyi! Kubawo tagwirizana tonse, ndi damu basi. Minda yapulumuka, phiri lapulumuka. M'khwawa muja muli chiyani? Njoka ndi dongo lanu lija!"

Nangondo anapinda malaya amene anali m'manja, n'kukawatungira madzi osamba. Zaka makumi atatu m'nyumba imodzi, ndipo bamboyo sankadziwa kumene kunagona ana ake. Sanafunsepo, pakuti mwamuna safunsa zimenezo. Nangondo anawada madzulo amenewo, chidani chenicheni, ngakhale ankadziwa kuti sanalakwe kanthu.

M'mawa amuna anadutsa pa Mpimamtima mwachangu ngati akudutsa pamlatho. A Gwaza okha anayesa kufinya diso, poganiza kuti mwina pali kena kake, koma sizinatheke. Kenaka a Thawale anaitana amayi.

Chithunzi chinakwera m'malere. Koma makina amenewa anali ndi diso! Khwawa lonse linabwera pabwalo: matanthwe, kanjira kaja, mitengo ya katope ndi mizu yake. Pakati pa mizuyo pankaoneka mapale, ena atsopano, ena obiriwira ndi ndere. Amuna ankaona miphika yosweka. Nangondo anaona ake atatu, atandandalika pafupi ndi muzu wopindika, pamene anawasiya. Kenaka madzi anayamba kukwera, mwakachetechete, n'kumawameza limodzilimodzi.

A Nachisale anayamba ndiwo. Anaika dzanja, chibwano chili m'mwamba, maso ali gwa.

"Zikomo, mayi. Ululu wanu ndi wochepa. Wotsatira abwere."

Anabwera wina, n'kubweranso wina. Amayi oti Nangondo anayenda nawo kanjira kaja, mmodzi ndi khasu, wina ndi kamtolo m'chitenje. Onse ululu wawo unali wochepa. Mwandida anaima pamenepo dzanja lina lili pamimba, nkhope ili ngati khoma, ndipo nayenso ululu wake unali wochepa.

"Akazi a kuno ndi olimba mtima!" anafuula mwamuna wina. "Si ngati ife dzana!" Amuna anaseka mpaka kugwirana mapewa.

Itafika nthawi yake, Nangondo anachita zimene anaphunzitsidwa tsiku loyamba lija, ali mtsikana, magazi asanaume m'miyendo. Umameza malovu. Umapuma pang'onopang'ono ngati ukuuzira moto wofuna kuzima. Umaganiza za mchere umene watha, za sopo, za mbuzi yosamangidwa. Poyamba zimavuta, koma pakapita zaka thupi limachita lokha osaliuza. Madzi anakwera pa mapale ake atatu iye akuganiza za sopo.

"Zikomo, mayi. Ululu wanu ndi wochepa."

Anthu atabalalika, Nangondo sanapite kunyumba. Anazungulira kuseri kwa sukulu, kumene a Thawale ankapinda miyendo ya Mpimamtima kuti amukweze m'galimoto. Anayang'ana uku ndi uku, n'kugwada pafumbi.

"Bwana, ndili ndi mawu."

"Dzukani, mayi, chonde. Kupima kwatha."

"Si miphika ija."

A Thawale anaima. Ndipo Nangondo ananena zimene mkazi wa ku Nkhathwe anali asananenepo kwa mwamuna chiyambire. Ananena za kanjira, za dzenje lolekeza m'chigongono, za mapale. Ananena za wachiwiri uja, amene anamugwira chala magetsi asanathime. Ankalankhula ngati akuwerenga mitengo ya pamsika, pakuti mawu ena oyankhulira zimenezi analibe.

A Thawale anavula chipewa. Kenaka anati, "Amayi anga ankapitanso kukatapa dongo. Kwathu ku mapiri uko. Ine ndinkadabwa kuti miphika yake ili kuti."

"Ndiye lembani, mwana wanga."

"Mawu sindiloledwa kulemba, mayi. Akandifunsa kulikulu kuti mayina awo ndi ati, zikalata za kubadwa zili kuti, nditi chiyani? Adzati ndi mitanda ya penti ija." Anatambasulanso miyendo ya makinawo mofulumira. "Koma kaundula sindinatumize. Ikaninso dzanja. Palibe akuona pano. Lirani, mayi. Mmodzi yekha akalira zenizeni, ndipeza ponenera kuti tipimenso amayi onse paokha."

Khwawa linakweranso m'malere, kuseri kwa sukuluko. Nangondo anaika dzanja. Tsopano ankafuna kulira, Mulungu ndi mboni. Anawaitana chamumtima, woyamba, wachiwiri, wachitatu, poti mayina analibe. Anakumbukira kulemera kwa kamtolo kaja, kopepuka ngati nkhuku. Chinthu chinayamba kukwera pakhosi, chotentha, ndipo chinatsala pang'ono kufika. Pomwepo anaona Mwandida ataima dzanja lili pamimba. Pakhosi panatsekeka, mpweya unayamba kuyenda pang'onopang'ono wokha, ndipo m'mutu munabwera sopo.

"Mtima wanu ukugunda mwabata, mayi," anatero Mpimamtima. "Ululu wanu ndi wochepa kuposa wa m'mawa."

"Yesaninso," anatero a Thawale, iwo eni maso atafiira.

Nangondo anachotsa dzanja n'kulipukuta pachitenje. "Mwana wanga, munthu mwamuuza zaka makumi atatu kuti usalire. Lero mungomutsegula ngati mpope?"

A Thawale anakanenadi kulikulu, tisawanamizire. Akuluakulu a kumeneko anawayankha mwaulemu kuti akazi onse a m'chigwamo anapimidwa, ndipo mmodzi anapimidwa kawiri. Mbale ya khwawa inali yopepuka kuposa iliyonse imene Mpimamtima anapimapo m'dziko muno. Nanga injiniya akufuna atsutsane ndi matupi a eni ake?

Makina omanga anafika mvula isanagwe. Anali odziyendetsa okha, opanda munthu m'kati, ndipo ankalavula simenti mzere pamwamba pa mzere, osapuma, osadya, osapita kumaliro. Khoma linkakula anthu akuona. Masiku amenewo akazi a ku Nkhathwe anayamba kupita Kudongo mmodzimmodzi. Nangondo anapitanso ndi khasu laling'ono, poganiza kuti mwina apeza choti asamutse. Anakumba pafupi ndi muzu wopindika uja. Munalibe kanthu. Mafupa a nthayo sakhalitsa, ndipo m'dzenjemo munali mizu ndi dothi lofewa basi. Atadzutsa mutu anaona a Nachisale patsinde lina, nawonso atagwada, manja ali matope okhaokha. Sanapatsane moni. Aliyense anaumba mbulumwa ya dongo la pamalo pake, n'kusenza pamutu.

"Taonani, akazi ayambanso kuumba!" ankatero amuna a kubawo powaona akudutsa. "Magetsi akubwera, iwo ndiye akubwerera ku miphika!"

Mvula inabwera yamphamvu chaka chimenecho, ndipo khwawa linadzaza msanga kuposa mmene a Thawale ankayembekezera. Tsiku lotsegulira damu linaikidwa, ndipo mwambo wake unakonzedwa pabwalo la chipatala, pachitunda, kuti alendo akaone mababu akuyaka m'zipinda za odwala. M'mawa wa tsiku lomwelo Mwandida anadwala, masiku asanakwane.

Nangondo anaima m'chipinda chomwe chija, pakona pomwe paja. Mwana anabadwa wamkazi, wochepa ngati botolo, ndipo anamuika m'kabokosi kofunditsa. Nangondo sanayang'ane mwanayo. Anayang'ana babu la padenga, kudikira kuti liphethire monga linachitira kale. Silinaphethire. Linangoti ngwee, ngati lakhomedwa ndi msomali. Dzuwa lili pamutu, namwino anamugwira phewa.

"Agogo, pitani mukapume. Uyu ndi wokhala."

Anatuluka pakhonde. Pabwalo panali ng'oma, ana a sukulu, mipando ya alendo. Mpimamtima analiponso, pakuti lamulo linati ntchito ikatha apimenso anthu, aone ngati alandira bwino. Tsopano m'malere ankaonetsa chipatala chowala, ana akuwerenga pansi pa babu, chigayo chikuzungulira. Anthu ankaika dzanja n'kumaseka.

Koma kuchokera pakhondepo munthu ankaona kumunsi. Pamene panali khwawa panali nyanja yofiirira, yabata. Pakati pake, nsonga za mitengo ya katope zinali zikuonekabe pang'ono, masamba ali obiriwira, osadziwa kuti afa kale. Dzenje lolekeza m'chigongono lija tsopano linali pansi pa madzi akuya kuposa nyumba zitatu zosanjikizana.

Mwana wa Mwandida anali atabadwa. Panalibenso choti aziteteza. Nangondo anameza malovu mwachizolowezi, koma ulendo uno thupi linakana. Kulira kumene kunatuluka m'kamwa mwake kunazimitsa ng'oma. Kunali kulira kwa maliro atatu amene sanaliridwe, ndi a mwana wa Mwandida uja achinayi, kokweza, konyansa, kosasamala za alendo. Amayi ena anathamanga kuti amugwire pakamwa, koma a Nachisale anawatchinga ndi mkono.

"Msiyeni. Mwana wabadwa."

Nangondo anatsika masitepe, n'kukankha anthu a pamzere. Anamenya chikhatho chake pagalasi la Mpimamtima mpaka makinawo anagwedezeka.

"Pima tsopano! Unkati ndi wochepa! Pima, iwe!"

"Mayi, dikirani!" anakuwa a Thawale, akudumpha mipando. "Osati lero! Chotsani dzanja!"

Mpimamtima anapima nthawi yaitali kuposa masiku onse. Pamwamba pa mutu wa Nangondo, chipatala cha m'malere chinkawalabe, mababu ake onse ali ngwee.

"Zikomo, mayi," anatero pomaliza. "Chiyambire ntchito yanga sindinapimepo mtima wodzaza chotere. Funso la lero ndi magetsi amene mwalandira. Misozi yanu ndaiika kumbali ya phindu."

Bwalo lonse linaomba m'manja. Nthungululu zinamveka kumbali ya alendo. A Gwaza, poona munthu akulira, nawonso anayamba.

"Ndi akazi anga amenewo!" ankatero a Chisale, akugwira chanza aliyense wapafupi. "Chimwemwe cha mdzukulu! Mwanayo ndamutcha Kuwala!"

A Thawale anafika pamakinapo mochedwa. Anadina apa, n'kudina apo, koma zopima za tsiku lotsegulira zinkapita kulikulu zokha, nthawi yomweyo. Anayang'ana Nangondo, pakamwa pali yasa. Nangondo anapukuta nkhope ndi chitenje, n'kubwerera m'chipatala.

Nkhani yake anaimva pawayilesi mvula itatha, akuyanika matewera. Ankati damu la Nkhathwe lasanduka chitsanzo cha dziko lonse. Palibe ntchito ya magetsi imene inapweteka anthu pang'ono chotere pomanga, n'kuwasangalatsa kwambiri chotere itatha, ndipo umboni wake unali mayi wina amene analira ndi chimwemwe mpaka makina anadabwa. Ankatinso Mpimamtima waphunzirapo kanthu. Wafufuza zithunzi zonse zojambulidwa kuchokera kumwamba, ndipo wapeza makwawa ambirimbiri ofanana ndi la Nkhathwe: opanda munda, opanda nyumba, okhala ndi mitengo ya m'mbali mwa madzi ndi kanjira kamodzi kamene amayi amayendamo pokatapa dongo. Malo oterewa, inatero wayilesi, alibe owalirira, choncho sipafunikanso kutaya nthawi ndi kupima. Makina omanga anali atanyamuka kale.

Nangondo anathimitsa wayilesiyo. M'nyumba Kuwala anali atadzuka, akulira ndi mawu amphamvu a mwana wokhala. Anamunyamula n'kukhala naye pansi pa babu limene silithima. Pawindo panali mbulumwa ya dongo ija, itauma, itang'aluka pakati. A Chisale anali atafunsa kangapo kuti mphikawo udzaumbidwa liti.

Akuti mwa njira zitatu zija damu ndilo linali lotsika mtengo, ndipo sananame, pakuti analipira ndi anthu amene anaphunzitsidwa kusalira.